Matepi amene ndinakana kutaya

Ndinagwira ntchito zaka zitatu m'nyumba ina ku Al Muntazah, m'dziko lina la Aarabu. Kuchapa ndi kukolopa ndinkachita, koma chimene ananditengera kuchokera ku Malawi chinali kusamalira bambo wokalamba, apongozi awo a madamu. Tonse m'nyumbamo tinkawatchula kuti Baba. Mutu wawo unali utayamba kusokonekera. Ankaiwala kuti adya kale, ndipo tsiku lina anandifunsa katatu kuti ndine ndani. Koma chinthu chimodzi sankachiiwala: akamaliza pemphero la masana, ndinkayenera kuwakhazika pampando wawo ndi kuwaikira tepi ya sewero lakale la pa kanema, la anthu oyenda m'chombo pakati pa nyenyezi.

Seweroli ndinkalidziwa kuyambira ndili mwana. Bambo anga ankaonetsa vidiyo ku Bangwe, m'kachipinda ka mabenchi ndi nsalu yakuda pakhomo. Pakati pa matepi a karate anali ndi matepi anayi a sewero lomweli. Anthu olipira sankawafuna, ankati mulibe ndewu, choncho bambo ankabwera nawo kunyumba Lamlungu, ife n'kumaonera mpaka kuloweza. Tsiku loyamba limene ndinaika tepi ya Baba n'kumva nyimbo yake yoyambira, ndinaima ndi tsache m'manja osasesa.

M'chaka changa chachiwiri deki ya Baba inatafuna tepi n'kufa. Mwana wawo, bwana wa pakhomopo, amene ankagwira ntchito m'maofesi a ku West Bay, anati palibe vuto. Anati seweroli analikonzanso ndi makompyuta, lili pa intaneti, ndipo likuoneka bwino kuposa kale. Analiika pa kanema wamkulu wa pabalaza, ife tonse n'kukhala pansi.

Poyamba zinayenda bwino. Anthu a m'chombomo anali omwewo, mawu omwewo, ndipo zovala zawo zinkawala moti ndinaona mabatani amene sindinawaonepo. Kenako chithunzi chinatuluka kunja kuti tione chombocho chikuuluka. Baba anamenya mkono wa mpando.

"La, la! Ayi! Si chimenechi!"

"Ndi chomwecho, Baba," anatero bwana. "Angochikongoletsa."

"Si chimenechi. Mwachiika kuti?"

Baba anakana kudya tsiku limenelo. Mawa lake bwana anayesanso, Baba anakuwa pamalo omwewo. Tsiku lachitatu anandiponyera kapu ya tiyi, munthu amene sanandikwezerepo mawu. Madamu anati matenda akula, aitana dokotala kuti awonjezere mankhwala ogonetsa. Atatero anandilozera katoni ya matepi.

"Yala, fulumira, kataye zonsezi. Zimenezi ndi zimene zikuwasokoneza."

Ndinanyamula katoniyo, ndinadutsa pa bini, n'kukailowetsa pansi pa bedi langa.

Sindinachite zimenezi chifukwa cha chisoni chokha. Ndinali nditakwiya. Ine ndinali nditaona chimene Baba anaona. Chombo chakale chinali chinthu chopangidwa ndi manja, chopachikidwa kutsogolo kwa nsalu yakuda. Chinkayenda molemera, nthawi zina n'kugwedera pang'ono, ndipo m'mbali mwake munkakhala kamzere kakuda ngati achidula ndi sizasi n'kuchimata. Dziko limene chinkazungulira linali mpira wofiira wosaoneka bwinobwino. Chombo chatsopano chinali chosalala, chinkatembenuka mopepuka ngati chilibe anthu m'kati, mawindo ake onse akuwala, ndipo dziko lija analipatsa mitambo ndi nyanja. Kukongola kunalipo, sindikana. Koma chinali chombo china. Nkhalamba inkanena zoona, ndipo ankafuna kuigonetsa ndi mankhwala chifukwa chonena zoona.

Lachisanu linali tsiku langa lopuma. Ndinaimbira achimwene ena a ku Dedza amene ankayendetsa galimoto ya kampani, ndinawafotokozera.

"Achemwali, deki? Chaka chino? Mukufuna kukaika ku myuziyamu?"

"Ingondiperekezani."

Tinazungulira timasitolo ta zinthu zakale ku Al Asmakh dzuwa likuswa mtengo. Ena ankatiseka, ena sankadziwa n'komwe chimene tikufunsa. M'sitolo yachisanu munali bambo wina wa imvi amene anatulutsa deki pansi pa mulu wa mafani akufa, anaipukuta ndi malaya ake, anailumikiza, ikuyenda. Ndinaigula. Pobwerera achimwene aja anandichenjeza.

"Mukudziwa kuti akhoza kukukanselani viza n'kukubwezani kumudzi? Anthu awa safuna wantchito wodziwa kuposa iwo."

"Andikansele."

Nditafika ndinapeza katoni ili pakati pa khitchini. Madamu anali atalowa m'chipinda changa. Anaima pambali pake manja ali m'chiuno, ine deki ili m'manja.

"Ndinakuuza kuti utaye."

"Munandiuza, madamu. Sindinataye."

"Chifukwa?"

"Chifukwa Baba sakudwala kuposa sabata yatha. Chimene akukana n'chosiyanadi ndi chimene ankaonera. Ine ndikuchidziwa."

"Iwe? Unachionera kuti?"

"Kwathu."

Anaseka kuseka kumene ndinali nditakuzolowera, kwa munthu amene amaganiza kuti kwathu kulibe magetsi.

"Ukufuna ubwerere kwanuko?"

Ndinayankha mosazungulira. "Ngati mukundibweza, ndibwezeni. Koma muone kaye, kenako mukagule tikiti."

Bwana anamva phokosolo n'kubwera. Iwo anali munthu wokonda kutsimikiza kuti akulondola, ndipo ndicho chinandithandiza. Anati chabwino, tiike zonse ziwiri, mtsikanayu aone yekha. Ndinakatenga kanema wamng'ono wakale m'chipinda chosungiramo katundu, ndinamuika pa tebulo pafupi ndi wamkulu, n'kulumikiza mawaya monga ndinkaonera bambo anga akuchitira. Tinapeza gawo limodzimodzi, bwana ndi rimoti yawo, ine ndi batani la deki. Madamu anabweretsa Baba.

Zithunzi ziwirizo zinayendera limodzi. Kumanja chombo chowala, kumanzere chombo chotuwa, chithunzi chake chikuthothoka timadontho. Panali pamene chombo chinawombera: kumanja kunatuluka moto wabuluu wowongoka, chinthu chowomberedwacho n'kuphulika zidutswazidutswa, kumanzere kunali mizere iwiri yojambula pamanja, yosalunjika bwino, kenako kuwala koyera basi.

"Waona?" anatero bwana. "Taona chakocho. Mpaka ulusi umene anachipachikira ukuoneka."

"Ukuonekadi, bwana."

"Ndiye chabwino n'chiti?"

"Chokongola ndi chanucho. Koma chakalecho ndicho anajambula anthu aja. Munthu anakhala pansi, anachisema, anachipenta, anamanga ulusiwo. Enawa angobwera n'kufufuta ntchito yake, dzina la sewero n'kulisiya lomwelo."

Bwana anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma Baba anawadula. Nthawi yonseyi sanayang'ane kanema wamkulu ngakhale kamodzi. Anali ataweramira kutsogolo, chala chili pa kanema wamng'ono.

"Uwo! Ulusi uwo! Ndauona ine poyamba!"

Anatembenukira kwa mwana wawo akuseka, n'kuyamba kulankhula Chiarabu mofulumira. Ndinatolapo mawu ochepa, zotsalazo bwana anandimasulira pambuyo pake. Ankanena kuti iwo ndi malemu akazi awo atangokwatirana, ankaonera seweroli n'kumapikisana kuti ndani ayambe kuona ulusi, ndipo woluza ankafulula tiyi. Bwana anali asanamvepo nkhani imeneyi. Anazimitsa kanema wamkulu. Baba anaonera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati m'nyumbamo mulibe chakudya.

Musaganize kuti wina anandithokoza. Madzulo ake madamu anandiitana n'kundiuza kuti nkhani ya matepi yatha, halasi, koma nkhani ya kusamvera sinathe. Anati ndipepese.

"Kubisa katoni pansi pa bedi, pepani. Ndikanakuuzani pamaso kuti sinditaya."

"Si zimenezo. Upepese kuti unakana."

"Pamenepo ayi, madamu."

Anandilanda masiku awiri opuma. Ndinawagwira ntchito masiku amenewo, ndinatsuka mawindo onse a m'mwamba, osapepesa. Dokotala anabwera monga anapanganirana, anawayeza Baba, anasiya mankhwala momwe analili.

Kanema wamng'ono uja anakhala m'chipinda cha Baba kuyambira pamenepo. Matepi anapitiriza kutha. Ena ankalira ngati mphepo, ena chithunzi chinkapindika pamwamba. Ndinkatsegula deki n'kupukuta m'kati ndi thonje ndi spiriti, ndipo tepi ikaduka ndinkailumikiza ndi selotepi. Ina itaduka malo atatu, gawo lonse la pakati linasowa, anthu ankangopezeka atafika kale pa dziko lachilendo. Baba sanadandaule. Tsiku lina bwana analowa, anaima pakhomo kwa kanthawi, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndingawaphunzitse kulumikiza tepi. Ndinawaphunzitsa. Manja awo anali olemera, anawononga selotepi yambiri.

Baba anamwalira nyengo yozizira ya chaka chotsatira, ndipo ntchito imene anandibweretsera inathera pomwepo. Ndinapeza mwayi pa hotela ina ku West Bay, koma ankafuna kalata yochokera kumene ndinkagwira. Madamu analemba, anaimata mu envulopu, ine osaiwerenga.

Mayi amene ankandifunsa mafunso ku hotelako anaitsegula pamaso panga. Anawerenga, anakweza maso.

"Akuti ndinu waukhondo, simuba, ndipo munasamalira bwino wodwala. Koma akutinso ndinu wamakani. Ndi zoona?"

"Ndi zoona."

"Simukufuna kufotokoza?"

"Mukandiuza chinthu cholakwika, ndidzakuuzani kuti n'cholakwika. Zina zonse ndidzachita."

Analemba kanthu papepala, n'kundiuza kuti ndipite pansi akandiyeze yunifolomu.