Makalata Onse Oyankhidwa

Ine sinditaya pepala. Kalata iliyonse imene ndalembera mwana wanga Dalitso ku Joni ili ndi kope lake m'bokosi kuno ku Nsipe. Nditapuma ukalaliki, ndinaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta kuti makalatawo ndiwasanje bwino.

Ndinapanga kamndandanda ka mayina osasintha, kamene amati enum: YOTUMIZIDWA, YOYANKHIDWA. Buku lomwe ndinkaphunzirira linalangiza kuti ndizilemba dzinalo, osati nambala yake. Ndinanyoza. Kalaliki wa zaka zonsezi angalephere kuwerenga mpaka pawiri? Pa kalata iliyonse ndinaika 1, kutanthauza yotumizidwa.

Kani chinthuchi chimayamba kuwerenga pa ziro! Sukulu yake iti imaphunzitsa zotero? Choncho 1 anali dzina lachiwiri, ndipo makalata onse anatuluka kuti YOYANKHIDWA.

Ndisanakonze, anansi anga a Kamwendo anasuzumira pa phewa langa.

"Aa, mnyamata uja amayankha chonchi? Muli ndi mwayi, achimwene. Wanga ngakhale moni!"

"Salumpha ndi imodzi yomwe," ndinatero, osaphethira.

Dalitso sanayankhepo kalata yanga. Kukonza pulogalamuyo n'kwa mphindi imodzi, ndikudziwa. Koma sindinakonzebe, ndipo m'mawa uliwonse ndimayatsa kompyutayo n'kuwerenga mawu amenewo mpaka pansi.