Kope limene ndinaotcha ku Wigston

Ndinakhala zaka zitatu kwa mwana wanga wamkazi ku Wigston, m'dziko la Angerezi. Iye ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ine ndinkatsala pakhomo.

Tsiku lina atapita kogula zinthu, ndinapisa m'chikwama chake cha kuntchito kufuna makiyi. Ndinapezamo kope lakuda, lothothoka chikuto, lodzaza zilembo za Chiarabu. Pakati panali tsamba louma ndi kansanza komanga dothi. Ine ndinakulira ku Mangochi, mapepala otere ndinawaona akupindidwa n'kusokeredwa m'zithumwa. Sindinafunse munthu. Ndinapita nalo kuseri, n'kuliyatsa pa mbaula yootchera nyama. Dothilo ndinathira m'ngalande.

Atabwera anakhuthula chikwama chonse.

"Adadi, mwaonako kope lakuda?"

"Ndaotcha. Wakupatsa mankhwala amenewa ndani?"

Anakhala pansi penipeni.

"Mankhwala ati? Ndi ndakatulo zimenezo! Za agogo a ku Palestina amene ndimawasamalira. Ndinabwera nalo kuti ndimate chikuto."

Anati mkuluyo anathamangitsidwa kwawo ali mwana. M'kopemo analembamo mudzi wawo wonse, nyumba ndi nyumba, chitsime, mitengo ya azitona. Lina lofanana nalo kunalibe. Mutu wake unali utayamba kuiwala, choncho m'mawa uliwonse ankaliwerenga mokweza kuti akumbukire kumene anachokera. Dothi lija linali la pamanda pa mayi ake.

"Mawa tipitire limodzi, mukawauze nokha."

Ndinapita nditavala jekete ndi tayi. Ndinapeza munthu wowonda, ali pa njinga ya olumala pafupi ndi zenera. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, poganiza kuti ndine womata mabuku. Anafunsa m'Chingerezi ngati guluu wauma.

Mwana wanga anali chilili pambali panga, akudikira.

"Sanaume," ndinatero.

Munthu wa msinkhu wanga sapepesa pamaso pa mwana wake. Ndinatuluka kukadikira basi yobwerera kunyumba.

Mkuluyo anafunsa za guluu m'mawa uliwonse kwa miyezi inayi, ndipo woyankha anali mwana wanga, osati ine. Kenako anasiya kufunsa. Anasiyanso kulankhula. Kumaliro kwake sindinapite.

Mwana wanga anapitiriza kundiphikira ndi kundichapira mpaka tsiku limene ndinabwerera kumudzi. Koma chikwama chake ankachikiyira kuchipinda, kiyi n'kupita nayo ngakhale kubafa.