Ndinawauza kuti ndimatha kusambira

Inu owerenga, ine ndinanama bodza laling'ono kuti ndipeze mwayi wotuluka pa TV, ndipo bodzalo linatsala pang'ono kuphetsa mayi wosalakwa m'nyanja ya ku Kommetjie, kufupi ndi Cape Town. Ndikulemba izi kuti wina asadzabwereze uchitsiru wangawu.

Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, ndipo madzi akuya kwambiri amene ndinalowamo ndili mwana anali olekeza m'mawondo. Kuno ku Cape Town ndimagwira ntchito ya m'gadeni panyumba ina ku Camps Bay. Amene munabwera kuno kudzasaka maganyu mukulidziwa lamulo limene timaphunzitsana munthu akangotsika basi: bwana akakufunsa ngati umatha ntchito inayake, usayerekeze kunena kuti ayi. Kupenta? Ndimatha bwana. Kudulira mitengo? Ndimatha bwana. Umavomera kaye, madzulo n'kukafunsa anzako, mawa lake n'kumaphunzirira pantchito pomwepo. Lamulo limeneli landidyetsa zaka zambiri. Ngakhale ntchito yosamala pulu ya abwana anga, dziwe lawo losambiramo, ndinaipeza motero. Ndinkaiyeretsa mlungu uliwonse madzi ake n'kukhala mbee, koma ine mwini wake sindinalowemo ndi kamodzi komwe.

Amene anandiuza za kutsatsa malonda pa TV anali Anyachirwa, mayi wa ku Nkhata Bay amene tinkapemphera mpingo umodzi. Ankagwira ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti ina ku Camps Bay komweko, ndipo mwana wawo wamkazi anamusiya kumudzi kwa achemwali awo, akumulipirira sukulu ya kutawuni ndi dzanja lawo lonyamula mbalelo. Iwo anali atatulukapo kale m'malonda a sopo. Anandiuza kuti nyengo yotentha kumabwera makampani ojambula malonda ndipo amafuna nkhope za anthu wamba. Anati kaseko kanga n'kogulitsa katundu, ndisamangokawonongera maluwa a abwana.

Anandiphunzitsa zonse za odishoni, mayeso aja amene amasankhira anthu oti atuluke m'malondamo. Anati ndivale malaya opanda zolembalemba. Ndikaima kutsogolo kwa kamera nditchule dzina momveka, nditembenuke mbali iyi ndi iyo, ndionetse manja. Chachikulu, ndisachite zokokomeza ngati sewero la kutchalitchi pa Khirisimasi. Akati seka, seka mmene umasekera ndi anzako.

Ndinachita zomwezo, ndipo zinayenda. Osankhawo anandiitananso kachiwiri. Ulendo uno anandiphatikiza ndi Anyachirwa kuti tiyerekeze kukhala mwamuna ndi mkazi wake amene akusangalala kunyanja, chifukwa malonda ake anali a chakumwa choziziritsa kukhosi. Tinathamanga m'chipindamo titagwirana manja, tikuseka ngati ana, ndipo ndinaona ndekha kuti osankhawo akondwera nafe. Kenako mayi wachizungu amene ankatsogolera mayesowo anandifunsa ngati ndimatha kusambira m'nyanja. Ndisanayankhe n'komwe, mnzake anati munthu wa ku Malawi angalephere bwanji kusambira pomwe dziko lawo lili ndi nyanja yaikulu. Pakamwa panga panangotseguka pokha, mmene panazolowerera. Ndinati ndimatha.

Atandiimbira foni kuti andisankha, ndinavina m'gadeni ndili ndi fosholo m'manja. Ndinatumiza uthenga kumudzi kuti akonzeke kundiona pa TV. Kutchalitchi anthu anayamba kundipatsa moni wa manja awiri. Koma chimwemwecho chinali ndi kamwala m'kati, chifukwa tsiku lojambula linkayandikira ndipo ine ndinali yemwe uja wa madzi a m'mawondo.

Ndinaganiza zochita monga mwa masiku onse: kuphunzirira pantchito. Abwana atachoka kupita kutawuni, ndinalowa mupulu muja mbali yosaya, nditagwiritsa m'mphepete, n'kumamenya miyendo. Nditayesa kusiya manja ndinamwa madzi a mankhwala mpaka kutsokomola tsiku lonse. Ndinadzilimbitsa mtima kuti zojambula n'zachinyengo, mwina adzangotinyowetsa mapazi basi.

Tsikulo tinafika ku Kommetjie m'mawa, mphepo ikuomba. Pamchenga panali matenti, zingwe, makamera ndi anthu ambirimbiri othamanga uku ndi uku. Kenako ndinaona mafunde. Sanali ngati amene ndinkawaonera patali ndili pakapinga wa abwana. Ankabwera ataima ngati khoma la nyumba, n'kugwa ndi mkokomo umene ndinkaumva m'chifuwa.

Mwamuna wina amene ntchito yake inali yopulumutsa anthu m'madzi anatisonkhanitsa tonse. Anati amene akudzikayikira akweze dzanja, palibe womuseka, iye adzaima pafupi naye. Atsikana awiri amene ankayenera kusewera kumbuyo kwathu anakweza manja, ndipo iye anapita kukaima mbali yawo. Dzanja langa linalemera ngati thumba la simenti. Ndinkaganiza za akumudzi amene ndinawauza kale, ndi za mnyamata wina amene anamusunga pambali kuti alowe m'malo mwanga ndikalephera.

Anyachirwa anali akundiyang'ana nthawi yonseyi. Anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu m'Chichewa, kuti wina asamve.

"Achimwene, kwanu ku Dedza kuja munaphunzirira kuti kusambira? Ndiuzeni zoona, tili awiriwiri pano."

Inu owerenga, mpata unali umenewu. Munthu wa kwathu, wa mpingo wanga, amene anandibweretsa yekha kumeneko. Koma manyazi a chimuna anandiposa mphamvu. Ndinaseka kaseko kaja kogulitsa katundu, n'kunena kuti tsiku lililonse ndimakhala papulu, asadere nkhawa. Anandiyang'anabe kanthawi, kenako anagwedeza mutu kuvomereza.

Poyamba anatiuza kuti tithamange mpaka madzi afike m'chiuno. Madzi ake anali ozizira moti miyendo inachita dzanzi, komabe ndinaseka monga anandiphunzitsira. Tinabwereza kangapo. Mkulu wojambulitsa sanakhutire. Analankhula pa chimkuzamawu kuti tilowe mpaka m'chifuwa, funde likabwera tidumphire pansi pake, tikatulukire kuseri tikuseka. Anatifunsa ngati zili bwino. Anyachirwa anakweza chala chachikulu kuvomereza. Nanenso ndinakweza.

Tinathamanga titagwirana manja. Madzi anafika m'chiuno, kenako pamimba, kenako m'chifuwa. Ndinamva mchenga ukuthawa pansi pa mapazi anga, madzi akundikokera m'kati. Nditakweza maso ndinaona funde litaima pamwamba pathu. Anyachirwa anakuwa kuti tsopano, n'kusiya dzanja langa kuti adumphire pansi. Ine ndinangoima chilili, kukamwa yasa.

Linandimenya n'kundigubuduza moti sindinadziwenso kumwamba ndi pansi. Madzi amchere analowa m'mphuno ndi m'kamwa. Mapazi anafunafuna pansi osapapeza. Ndinamva zomera za m'nyanja zija zonga zingwe zikundikulunga m'miyendo, ndipo ndinadziwa kuti ndikufa. Kenako ndinamva dzanja la munthu likundigwira malaya. Anali Anyachirwa, atabwerera kudzanditenga.

Zimene ndinachita apa ndi zimene zimandisowetsa mtendere mpaka lero. Munthu womira alibe nzeru, alibe chisoni, sadziwa mbale. Ndinawakwera. Ndinagwira mkono wawo ndi mphamvu zonse za munthu wolima, n'kuupotokola, n'kuwakanikizira pansi kuti ine nditulutse mutu ndipume. Ndinawamva akuphiriphitha pansi panga, koma sindinawasiye. Funde lina linatimenyetsa tonse pamwala. Wopulumutsa uja anali kutali, mbali ya atsikana amene ananena zoona aja, ndipo mmene amatipeza n'kuti Anyachirwa atasiya kuphiriphitha.

Anatikokera kumtunda. Ine ndinasanza madzi n'kukhala tsonga, wamoyo, wopanda bala lenileni. Iwo anagona pamchenga osagwedezeka, milomo itasintha mtundu, anthu akuwapsinja pachifuwa.  Ndinagwada pamenepo, m'mutu muli mwana wawo uja. Ndikanakamuuza chiyani? Kuti amayi ako ndinawamiza ine chifukwa ndinkafuna kuoneka pa TV? Anyachirwa atatsokomola n'kutulutsa madzi, ndinalira mokweza pamaso pa anthu onsewo, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Moyo unapulumuka, koma phewa linaguluka ndipo mitsempha ya mkono wamanja inawonongeka. Mkono umenewo sunathenso kunyamula thireyi ya mbale, ndiye ntchito ya ku lesitilanti inathera pomwepo. Malonda aja anakajambula ndi anthu ena. Ndinawaona tsiku lina pa TV ya m'shopu, anthu awiri akutuluka m'funde akuseka, ndipo ndinatulukamo osagula chimene ndinalowera.

Ndinapita kukawaona kuchipatala nditakonzeka kutukwanidwa, ndipo kunena zoona ndinkafuna anditukwane kuti mtima upepuke. Sanatero. Anandiyang'ana mmene anandiyang'anira pagombe paja.

"Achimwene, ndinakufunsani," anatero. "Mukanandiuza ine ndekha, sindikanakuululani. Ndikanakuimikani posaya, ndipo dzanja lanu sindikanalisiya."

Patapita miyezi anakwera basi kubwerera ku Nkhata Bay. Ndine ndinawanyamulira chikwama, chifukwa okha sakanatha.

Abale anga amene mukupita ku maodishoni, pitani ndithu, mwayi ulipo ndipo nkhope zathu amazifuna. Valani bwino, sekani mwachibadwa, mverani zimene akukuuzani. Koma akakufunsani ngati mumatha kusambira, kukwera hatchi kapena kuyendetsa galimoto, lamulo lathu lija la "ndimatha bwana" mulisiye pakhomo. Khoma ukalipenta molakwika umalipentanso mawa, koma m'madzi mulibe mawa, ndipo wovulala sakhala iwe wekha. Mukanena kuti simutha, mwina adzasankha wina, n'kubwerera kwanu muli ndi manyazi a tsiku limodzi.

Ine ndikuyeretsabe pulu ya abwana ku Camps Bay. Mwana wa Anyachirwa anasiya sukulu ya kutawuni imene amayi ake ankamulipirira, ndipo ndikumva kuti masiku ano ndi iye amene amawamanga mpango kumutu akamapita kutchalitchi.