A Tobias Chakhaza ndi Filimu ya Mtembo Wodzuka

A Tobias Chakhaza anafika ku Canada ndi mapepala osonyeza kuti anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri pa chipatala china cha mishoni ku Ntcheu, akusoka mabala ndi kubereketsa amayi dokotala akachokapo. Kuno mapepalawo anawayang'ana ngati okulungira mandasi. Anakolopa maofesi ku Downtown, pakati pa mzinda, zaka zitatu, kenako anapeza ntchito yonyamula mabokosi pa nyumba ina yokonzera maliro ku North York. Mwini wake, mzungu wokalamba wosalankhulalankhula, ataona mmene manja awo amagwirira singano anawatumiza kusukulu. Kuchokera pamenepo ntchito yawo inakhala yosambitsa mitembo, kuithira mankhwala kuti isawole, ndi kuiveka.

Amalawi anzawo ankadziwa zimenezi, koma ankachita ngati sakudziwa. Mlendo akafunsa, ankamuyankha kuti a Chakhaza ali ku zaumoyo, n'kusintha nkhani. A Tobias sankadandaula. Anali ataona anthu okwanira atagona chagada pa tebulo lawo lachitsulo, a matayi ndi opanda nsapato omwe, moti matama a amoyo ankangowaseketsa.

Wamatama kuposa onse anali a Douglas Mbendera, wapampando wa bungwe la Amalawi a m'derali. Ankakhala ku Oakville, dera la anthu opeza bwino, ankagwira ntchito ku banki, ndipo sankatha mphindi zisanu osatchula ziwirizi. Chichewa ankachilankhula ngati chawatentha pakamwa. Mwezi wa Okutobala, nthawi imene ana a kuno amavala zoopsezana, a Douglas anakonza phwando mu holo ya tchalitchi china, nati adzaonetsa filimu yakale ya ku Mangalande imene inawasowetsa tulo ali mnyamata ku Blantyre. Anati ana aphunzire kuti kale kunali mafilimu enieni.

Filimuyo inali ya munthu amene ananyongedwa popanda mlandu. Dokotala wina wokhala m'chinyumba cha miyala pamwamba pa phiri anafukula mtembo wake, n'kuusoka, n'kuudzutsa, ndipo wodzukayo anayamba kusaka amene anamunamizira mmodzimmodzi. Itafika pamene dokotalayo akusoka khosi la mtembo, a Douglas anaimitsa filimu n'kutenga maikolofoni.

"Ana inu, mukafuna kudziwa mmene amachitira zimenezi, funsani a Chakhaza apo. Ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Koma muzisamala, angakuuzeni kuti dzukani musanafe."

Holo yonse inaseka, ndipo amene anaseka kwambiri ndi aja ofuna kuti a Douglas awaitanire ku Oakville. Tsiku lomwelo a Tobias anasanduka a Dzukani. Mandasi amene akazi awo, a Zelipa, anakazinga m'mawa wonse anabwerera kunyumba beseni lili lodzaza. Mayi wina, namwino wathunthu, atapatsa a Tobias moni wa pamanja anatembenuka n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala opaka m'manja.

Lamlungu lotsatira masana, a Tobias anauza mwana wawo wamkazi, Ulemu, kuti awapezere filimuyo aione yonse. Anafuna adziwe chimene awafanizira nacho. Anakhala pa mpando atapinda manja, ndipo sanachedwe kuyamba kutsonya.

"Munthu wakhala m'manda masiku anayi, nkhope ili see ngati wachokera kometa. Ndipo taona kasokedweko. Ameneyo ndi dokotala kapena wosoka matumba a chimanga? Ine nditasoka choncho angandichotse ntchito lisanalowe dzuwa."

Ulemu anawayankha m'Chingerezi kuti ndi filimu chabe.

"Ndikudziwa kuti ndi filimu. Magazi akewo ndi tomato, ndawaona. Chikundidabwitsa n'chakuti munthu wamkulu wa ku banki anasowa nazo tulo."

Chimene chinawanyansa koposa chinali kubwezerako. Kwa iwo, amene analemba nkhaniyo anali asanakhalepo m'chipinda chimodzi ndi wakufa. Pa zaka zonse za ntchito yawo sanaonepo mtembo wa nkhope ya mkwiyo. Akufa ankaoneka otopa basi, ngati anthu amene atula katundu. Mkwiyo ankauona panja pa chitseko, kwa abale okanganirana amene alankhule woyamba pa mwambo.

Anasiya kupita ku misonkhano ya bungwe. Palibe anaimba kufunsa chifukwa chake. Pa gulu la pa foni dzina la Dzukani linkatulukabe apo ndi apo, ndi tizithunzi toseka m'munsi mwake.

Mu Febuluwale, amayi ake a Douglas, amene anabwera kudzaona mdzukulu wakhanda, anagwa m'bafa n'kumwalira. A Douglas anayamba apita ku nyumba ya maliro ya kwawo konko ku Oakville, ya makapeti ndi maluwa. Kumeneko anawalandira bwino, koma za kutumiza thupi ku Malawi anati afufuze kaye, mwina zitenga masabata atatu, ndipo zoti abale alowe kudzasambitsa okha anati sizichitika. Abale a ku Zomba anali akuimba ola lililonse. Tsiku lachiwiri foni ya a Tobias inalira.

"Achimwene a Chakhaza, ndine Douglas. Mwamva zatigwera?"

Chichewa chinali chitabwerera chonse, chopanda chilema. A Tobias anapepesa maliro, nati abweretse mapepala a kuchipatala mawa m'mawa.

A Zelipa anamva zonse ali kukhitchini. "Bambo a Ulemu, mwavomera? Munthu anakusandutsani choseketsa pamaso pa ana. Akanapita kwa dokotala wa mu filimu yake uja."

"Mayiwo sanandinyoze," anatero a Tobias. "Sindinawaonepo n'komwe. Ndipo pafunika amayi owasambitsa. Mupita?"

A Zelipa anangofunsa kuti ndi nthawi yanji.

Pa amayi onse a bungwe, amene ankadzaza holo pa maphwando atavala zitenje zofanana, anabwera mmodzi yekha, a Tiyanjane, akazi a Douglas, pamodzi ndi mayi wina wa ku Zambia amene sanali ngakhale membala. Namwino uja anatumiza uthenga woti ali pa shifiti. A Tobias anawasonyeza madzi ofunda, nsalu ndi magolovesi, n'kutuluka kuti amayi agwire ntchito yawo. A Tiyanjane anali asanasambitsepo maliro, moti a Zelipa ndi amene anatsuka tsitsi la malemu, kulipesa, ndi kumanga duku mmene amamangira amayi a mvano. Atatha, a Tobias analowa kudzakonza bala la pamphumi limene malemu anavulala pogwa. Anasoka ndi ulusi wosaoneka, napaka zodzola mpaka chipsera chinabisika.

Lamulo linkafuna kuti mwana wa malemu aone thupi ndi kusaina bokosi lisanatsekedwe. A Douglas anafika pa chitseko cha chipindacho n'kuima. Jekete lawo la mtengo wapatali linali litanyowa ndi chipale chofewa chosungunuka, ndipo maso anali pa nsapato.

"Sindingasainire panja pano?"

"Ayi."

"Kungoti ine zinthu zoterezi, achimwene, sindinazizolowere."

A Tobias anawayang'ana munthu amene anagwira maikolofoni uja. Mawu anali okonzeka pa lilime, ambiri ndithu, ena anawakonza miyezi inayi ali m'basi. Anangosankhapo ochepa.

"Lowani, a Mbendera. Sadzuka. Ndi amayi anu."

A Douglas analowa akukoka miyendo. Ataona nkhope ya amayi awo, yosalala ngati agona tulo ta masana, anagwira m'mphepete mwa bokosi n'kulira ngati mwana wa sukulu. A Tobias anawasiya alire, kenako anawapatsa cholembera n'kuwalozera pomwe asaine.

Thupi linanyamuka pasanathe sabata. A Douglas atabwerako ku Zomba anaitanitsa msonkhano, ndipo a Tobias anamva kwa mayi wa ku Zambia uja kuti wapampando analankhula mphindi makumi awiri za mmene bungwe linagwirira ntchito usana ndi usiku kuti maliro ayende bwino. Anathokoza komiti, abusa, ndi amene anabweretsa zakumwa. Kumapeto anati palinso m'bale wathu wina wa ku zaumoyo amene anathandizapo.

Patapita masiku, a Douglas anatumiza uthenga wautali m'Chingerezi, wopempha a Tobias kuti akhale mkulu wa komiti yatsopano yoona za maliro, poti bungwe lazindikira luso lawo. A Tobias anauwerenga ali pa nthawi yopuma, akumwa tiyi m'kachipinda ka antchito. Anayankha m'Chichewa kuti amene wafedwa akudziwa kumene nyumba ya maliro ili, ndipo imatsegulidwa eyiti koloko.

A Tiyanjane okha ndi amene anasintha njira. Loweruka lina anakwera sitima kuchokera ku Oakville ndi khanda lawo, n'kukagogoda pa fulati ya a Chakhaza, pa nsanjika ya khumi ndi chinayi. Anakhala ndi a Zelipa mpaka madzulo, ndipo amabwerabe mwezi uliwonse. A Tiyanjane amauza amuna awo kuti akupita kokagula zinthu.