Mapazi Awiri pa Galimoto ya Otomatiki

Galimoto yanga yoyamba inali yaing'ono, ya otomatiki, yogula kwa mnzanga wa kuntchito. Laisensi ndinali nayo, koma chitunda cha kwathu ku Chilomoni chinkandiopsa. Kanjira kochokera kunyumba kamakumana ndi tala pokwera penipeni. Umaima pamenepo kudikira maminibasi adutse, uku galimoto ikufuna kubwerera m'mbuyo.

Malume anga, amene anayendetsa malole mpaka kupuma pantchito, anadzipereka kundiphunzitsa. Otomatiki anali asanaigwirepo, koma zimenezo sizinawadetse nkhawa.

"Mphwanga, phazi lamanzereli langokhala ngati bwana bwanji?" anandifunsa titaima pamphambano paja. "Liponde buleki. Lamanjali liponde moto. Ukamva galimoto ikunjenjemera, siya buleki."

Ndinayesa. Injini inalira, galimoto inanjenjemera ngati yagwidwa malungo, ndipo nditachotsa phazi inadumphira pa tala, matayala kuti kwii! Amayi ogulitsa matimati pambali pa msewu anaimba nthungululu. Zinandikomera. Ndinayamba kutero paliponse, ngakhale pa maloboti a m'tauni pomwe palibe chitunda, kungofuna kuwasiya a minibasi kumbuyo.

Itapita miyezi ingapo galimoto inayamba makani. Inkachedwa kusintha giya, kenako n'kugunda kuti gu, ngati wina wandiomba kumbuyo. Ndikafika kunyumba ndinkamva kafungo ka chinthu chopserera, ine n'kumaganiza kuti aneba akutentha zinyalala.

Anzanga anandilozera kwa makaniko wina ku Ndirande, bambo achikulire a kofia yoyera, ogwirira ntchito pabwalo la nyumba yawo. Nditafika, bambowo anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, anakapukutira papepala, n'kununkhiza.

"Mayi, oyilo ameneyu amakhala wofiira. Wanuyu wada ngati tiyi wopanda mkaka. Tiyeni tizungulire pang'ono, muyendetse ndinu."

Pa chitunda choyamba ndinaonetsa luso langa lonse. Bambo aja anagwira kofia ndi manja awiri.

"Imani, imani! Anakuphunzitsani zimenezi ndani?"

"Malume anga. Ndi dalaivala wamkulu."

"Wa malole eti? Ndadziwa." Anaseka mpaka kukhosomola. "Taonani, mukaponda zonse ziwiri, injini ikukankha, matayala akukana. Mphamvu yonseyo ilowera kuti? Imathera mu oyilo wa giyabokosi, amangotakasika m'menemo mpaka kupsa. Oyilo akapsa, timbale ta m'katimo timayamba kuterereka ndi kudyeka. Ndiye mukasiya buleki mwadzidzidzi, zitsulo zonse zimalandira chibakera."

"Nanga pa chitunda ndizitani?"

"Handibuleki anaiikira chiyani? Phazi ndi limodzi basi, lamanja."

Anasintha oyilo ndi sefa yake, n'kunena kuti ndafika nthawi yabwino, ndikanachedwa tikanatsitsa giyabokosi yonse. Kugunda kuja kunachepa koma sikunatheretu. M'mawa kukazizira, giya yachiwiri inkalowabe mokwiya, ndipo inatero zaka zonse zomwe ndinakhala ndi galimotoyo.

Loweruka lake ndinapita kukawafotokozera malume. Ndinawapeza pakhonde akupolisha nsapato. Anamvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina.

"Ndiye kuti magalimoto a masiku ano ndi ofooka," anatero. "Lole yanga sinadandaulepo."

"Lole yanu inali ndi kilachi, malume, sinali ya otomatiki."

"Ndi zimene ndikunenazo." Anavala nsapato zija n'kuimirira. "Ukulowera ku Limbe? Unditule pamsika."