Nsidze za Achemwali

Mu saluni ina yoyandikana ndi sitolo ya nsapato muli magalasi asanu, koma mayi amene makasitomala anamupatsa dzina loti Nansidze sayang'ana ngakhale limodzi. Amapesa, amaluka, maso ali pamutu wa kasitomala basi, ngati munthu wodutsa pamanda.

Zaka zitatu zapitazo impso zake zinaleka kugwira ntchito. Mkulu wake, mphunzitsi wa masamu wolankhula mokuwa, anangoti, "Ndili nazo ziwiri, inayo imangodya zaulere," n'kumupatsa imodzi. Adokotala anati mapiritsi oletsa thupi kukana impso yachilendoyo azimwa moyo wake wonse, ndipo anamuchenjeza kuti angathe kumumeretsa tsitsi ndi kumuyambitsa ng'ala.

Posakhalitsa nsidze za m'zikope zinayamba kutalika, zakuda bii, zopindikira m'mwamba, mpaka kumakwecha magalasi ake a maso. Tangoganizani, munthu amene ntchito yake inali kumata akwatibwi nsidze zogula!

"Asisi, zimenezi mwaoda kuti? Mundimate zomwezo," anatero mkazi wa wapolisi wina.

"Izi n'zakuchipatala, mayi. Mubwere ndi impso."

Saluni yonse inafa nacho chiseko.

Chisekocho chinatha chaka chatha, mkulu wake uja atagwa pabolodi, choko chili m'manja, osadzukanso. Adokotala anati unali mtsempha wa m'mutu, za impso sizikukhudzana. Koma m'banja mwawo wobadwa ndi nsidze zazitali anali mphunzitsiyo yekha. Atabwerako kumaliro, Nansidze anakweza maso pagalasi, ndipo m'chifunga cha ng'ala imene inali itayamba kale kudiso lakumanzere, amene anamuyang'ana sanali iye.

Nsidzezo anazidula ndi kasizasi kodulira ulusi wa mawigi. Zinameranso. Anadulanso. Kenako anatsata nzeru ya mu saluni, yoti mankhwala akamawotcha pamutu umachepetsako: anayamba kumwa piritsi limodzi m'malo mwa awiri, osauza aliyense. Nsapato zinayamba kumuthina.

Anazindikira ndi mnzake wa pampando wachiwiri, mayi wosasunga mawu m'kamwa.

"Iwe, mapazi ngati mapilo amenewa ukupita nawo kuti?"

Tsiku lomwelo anaimbira foni amayi ake a Nansidze. Iwo anafika Lachisanu masana, tsiku lawo lopesedwa, saluni itadzaza, n'kukhala pansi pa makina owumitsira tsitsi ngati kasitomala.

"Bwera kuno. Werama."

Anamugwira chibwano, n'kuyang'anitsitsa tiziputu totsala m'zikopemo.

"Wandidulira mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Umayesa ndi imvi khumi zatsalazi ine ndimabwera kuno kudzapesedwa?"

"Amayi, achemwali amandiyang'ana. Galasi lililonse."

"Nanga ayang'ane ndani? Ndinamuika kamodzi. Ukufuna ndikamuikenso, pamodzi ndi iwe?"



M'mawa mwake Nansidze anakaulula kuchipatala. Adokotala anamukalipira kuti akanabwera kale akanakambirana zosintha mankhwala. Atamuyeza magazi anati impso yavulala koma ikadali moyo, n'kumuwonjezera mapiritsi. Ng'ala anati adzaichotsa impso ikakhazikika.

Kumata nsidze analeka, poti kadontho ka guluu sakukaonanso bwino. Amangoluka, zala zimadziwa zokha njira. Nsidze zameranso, ndipo kasizasi sakagwiranso. Lachisanu lililonse amayi ake amabwera. Makasitomala ena onse amawapesa ataima kumbuyo kwawo, koma awa amawapesa ataima kutsogolo, atawerama pang'ono, akuphethira pang'onopang'ono.