Mpira Umene Achimwene Anabweza

Achimwene anga sanalakwepo chibadwire. Mukawafunsa angakuuzeni okha. Anabwera kuno ku Indiana ndi mapepala awo a zamankhwala, n'kukhazikika m'katauni kena kunja kwa South Bend, kumene minda ya chimanga imayambira kuseri kwa nyumba yomaliza. Ine ndinawatsatira patapita zaka, ndipo ndinapeza ntchito yosamalira okalamba. Ndinafika mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo, atamukonzera kale moyo wonse: adzakhala dokotala, nkhani yatha.

Mwanayo anasankha bezibo. Awa ndi masewera amene wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina n'kukamenya ndi chibonga, kenako n'kuthamanga kuzungulira bwalo. Achimwene ankati ndi za anthu osowa chochita, ovala mapijama dzuwa likuswa mtengo.

"Achemwali, mukumusipoyila mwanayu," ankandiuza. "Ine ndawoloka nyanja kuti mwana wanga azithamanga ndi chibonga?"

Alamu anga ankagwira ntchito Loweruka lililonse kuchipatala, ndiye wopita naye mwana kumasewera ndinali ine. Ndinkachoka kuntchito miyendo itatupa, n'kukakhala pa mabenchi achitsulo, mphepo ya mu Epulo ikundilowa m'mafupa. Malamulo ndinawaphunzira pomwepo, pofunsa makolo a ana ena mpaka kuwatopetsa. Nthawi iliyonse mwanayo akanyamula chibonga, ankayamba wayang'ana kumene ndakhala, kenako maso ake ankandidutsa n'kupita koimika magalimoto. Ndinkadziwa amene ankamufuna. Zinkandipweteka, ndipo zinkandikwiyitsa. Koma achimwene nthawi zonse anali ndi msonkhano wa akuluampingo.

Amalawi anzathu nawo sanali kumbali yake. Pa maphwando athu amayi ena ankandifunsa mokoma, mbale ili m'manja, "Mwana uja akadali ndi zachibonga zija? Timupempherere." Ana awo onse anali madokotala, ngakhale amene anali asanasiye thewera.

Atamaliza sekondale, timu ya akatswiri inamusainitsa. Achimwene anakhala mwezi wathunthu osamulankhula. Mnyamatayo anatha zaka akuyenda m'mabasi ndi matimu ang'onoang'ono, mpaka anamukweza kupita ku timu ya ku Indianapolis, imene ukachokako umalowa mu ligi yaikulu. Nkhope yake inatuluka pa TV. Mzungu wina kuntchito anafunsa achimwene ngati dzina lija ndi la mbale wawo. Basi, tsiku lomwelo bezibo inabatizidwa.

"Ndi mwana wanga ameneyo," anayamba kuuza aliyense. "Disipulini imeneyo ndi ya kunyumba."

Opemphera aja nawonso anasanduka amalume ndi azakhali. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye; awa manja anachenjera zinthu zitapsa kale. Tinadzaza minibasi tsiku lina mu Julaye, ulendo wa ku Indianapolis. Tinaima pa Lafayette Road kudya nyama ya mbuzi, achimwene akuuza mwini lesitilanti mbiri ya mwana amene sanamuonepo akusewera. Anali atavala suti ndi tayi, kunja kukutentha ngati ku Nsanje.

Mnyamatayo anali atasungira makolo ake mipando yabwino pafupi ndi pomenyera. Koma achimwene sakanasiya gulu lawo, mtsogoleri sasiya anthu, choncho tonse tinakakhala pa kapinga kuseri kwa mpanda, kutali. Iwo anayala mpango n'kukhalapo. Ndinayesa kuwafotokozera malamulo pang'ono.

"Achemwali, mpira ndi mpira," anandidula. "Ine ndinali golokipa ku sekondale. Musandilekichale."

Ndinatseka pakamwa panga, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Pali zinthu ziwiri zimene mwana aliyense wa kuno amadziwa. Mpira ukagwera kwa oonerera, wautola ndi wake, amapita nawo kwawo. Ndipo kuubweza m'bwalo ndi chipongwe: umatero ndi mpira umene wamenya mdani, kusonyeza kuti suukufuna ngakhale waulere.

Ulendo wachitatu kunyamula chibonga, mnyamatayo anaumenya. Phokoso lake lokha linandiuza kuti wapita. Mpira unakwera, n'kudutsa mpanda, n'kugwera pa kapinga pafupi nafe. Mu bezibo kuutulutsa chotere ndiye chigoli chapamwamba, ndipo aka kanali koyamba kuti autulutse kunja chifikire ku timu imeneyi. Amayi a m'gulu lathu anaimba nthungululu osadziwa kuti chachitika n'chiyani. Bambo wina wandevu, wovala kabudula, ndi amene anautola. Ataona chisangalalo chathu anafunsa, ndipo titamuuza kuti a suti aja ndi bambo ake a womenyayo, anabwera n'kuwaika mpirawo m'manja. Munthu wachilendo, mphatso yotere, osapempha kanthu.

Achimwene anaimirira. Anamuyang'ana bamboyo mmene amayang'anira mwana amene wagwidwa ndi ndiwo m'thumba. Kwathu sukulu yonse inkakhala ndi mpira umodzi, ndipo ukagwera m'munda masewera ankaima mpaka upezeke. Wothawa nawo anali wakuba.

"Katundu wa eni ake uyu," anatero. "Anthu akudikira kuti apitirize."

"Achimwene, ayi!"

Anali ataponya kale. Mkono wa golokipa uja unangokwanitsa kuudutsitsa mpanda, mpira n'kugubuduka pang'ono m'bwalo n'kuima. Anthu anayamba kukuwa monyoza. Kanema wamkulu wa pabwalopo anawaonetsa achimwene, tayi ndi zonse, akupukuta manja monyadira. Kutsidya, mnyamatayo anali atangomaliza kuzungulira, anzake akumumenya pamsana. Anatembenukira kwa ife, mmene ankachitira kuyambira ali wamng'ono, ndipo ulendo uno amene ankamufuna uja analipodi. Kenako anakweza maso kuona kanemayo.

Masewera atatha anabwera kumpanda. Bambo ake anamugwira chanza ngati mlendo wolemekezeka.

"Wachita bwino. Ndipo mpira wanu tabweza, anthu asamati Amalawi ndi akuba."

Mnyamatayo anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena m'Chingelezi kuti zikomo pobwera. Mu minibasi mwana wina wa kuno ndi amene anawamasulira achimwene zimene anachita. Titangotuluka mumzinda, iwo anapeza wolakwa.

"Nanga inu achemwali, bwanji simunandiuze?"

"Zaka khumi ndi ziwiri benchi inkakudikirani," ndinatero. "Ikanakuuzani yokha."

Ndikudziwa kuti sanachite mwadala. Anachita zimene munthu woona mtima wa kwathu akanachita. Koma umbuli umenewo anaulima okha, Loweruka ndi Loweruka, ndiye ine sindiwamvera chisoni.

Chaka chotsatira mnyamatayo anaitanidwa ku ligi yaikulu, ndipo anatchuka zenizeni. Ana a anthu osamudziwa anayamba kuvala malaya olembedwa dzina lathu kumsana, ngakhale sankatha kulitchula. Achimwene anagula kabati yagalasi n'kuikamo zithunzi ndi zipewa, ndipo mlendo aliyense ankayamba wayendera kabatiyo asanapatsidwe madzi. Pakati anasiyapo malo. Anali atamva kuti wantchito wa pabwalo anautola mpira uja n'kuupereka kwa mwini wake, mnyamatayo.

Tsiku lina achimwene atabwera kudzandiona anaupeza pa shelefu panga, pafupi ndi wailesi. Mnyamatayo anali atandibweretsera yekha, m'thumba la jekete, osanena zambiri. Achimwene anamuimbira foni pomwepo, n'kutsegula mawu kuti nanenso ndimve chiweruzo.

"Mpira uja malo ake ndi kunyumba kwa bambo ako. Uwauze antiwa."

Mwana amene moyo wake wonse ankatiyankha m'Chingelezi, tsiku limenelo anayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, mwaulemu wonse.

"Adadi, mpirawo unafika m'manja mwanu. Munabweza."

Mpirawo ukadali pa shelefu panga. Achimwene amabwerabe kudzacheza, ndipo amasankha mpando umene umapatsa mpirawo msana.